Njinga Zonse Zilipo

"Ndafunsa funso, bambo a Florinda. Ine ndidzatulukira pati?"

"Pamene mudzalowere pomwepo," ndinayankha osakweza mutu. Ndinali pakhonde ndikuwongola arami ndi mwala, chingwe chachitsulo chija ndinasolola pa khola lakale la ng'ombe.

Domingas, mkazi wanga, anagogoda pansi ndi ndodo yake ya m'khwapa. Mwendo wake wamanzere unatsalira pa mina, bomba lokwirira pansi lija, chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Zambia, ndipo chiyambire apo ndodoyo ndiyo imayamba kulankhula iye asanatsegule pakamwa.

"Bwalo lalikulu ngati munda, mpanda kuzungulira, khomo limodzi? Makwaya khumi ndi awiri, amuna awo, ana awo, ndi aja ongotsata fungo la nyama?"

"Ku ukwati wa ku Chipera kunali makomo angati? Anayi. Njinga yanga inatulukira pa liti? Mpaka lero sindidziwa."

"Zaka khumi ndi zinayi mukulirabe njinga yopanda chishalo! Amayi anu omwe simunawalire choncho."

"Galu wamkota sakandira pachabe, mayi."

"Galu wamkota amakandanso nthata zake. Ngakhale mbewa, imene sinapondeko ku shikola, ikamakumba una imasiya mbuli yothawira. Inu wofika kwarta klasi, kalasi yachinayi, mukuposedwa ndi mbewa?"

Kunatsala masabata atatu kuti tichite fesita, phwando lokumbukira zaka makumi atatu chibwerereni kwathu kuchokera kothawa nkhondo. Mipingo ya mbali yonse ya Malowera inagwirizana kudzaimba pamudzi pathu, ndipo komisau yokonza fesitayo, pofuna munthu wosakhulupirira aliyense, sinavutike kufunafuna. Anandipatsa koleti yachikasu, kamalaya kopanda manja kaja, ndi apitu yoliza ndi pakamwa, nanditcha shefi wa chitetezo. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pa dziko, palibe ananditchapo shefi, ngakhale mbuzi zanga. Koletiyo ndinkaivala popita kuchimbudzi pomwe.

Tili mkati mokangana anafika Virgílio, mkamwini wathu, mwamuna wa Florinda. Ndi mphunzitsi, ndiponso ndiye anali mlembi wa komisau. Anagwada patali pang'ono, pepala lili m'manja.

"Apongozi, ku boma atipatsa ili. Akuti popanda kulidzaza, lisensa ya msonkhano kulibe."

"Likufuna chiyani?"

"Mafunso basi. Loyamba, padzakhala anthu angati?"

"Lembani noventa."

"Makumi asanu ndi anayi okha, apongozi? Oimba okha akupitirira mazana atatu. Ndipo anandiuza kuti anthu akaposa mazana awiri, amatumiza wapolisi ndi namwino kudzaona malo tsiku lisanafike."

"Ndicho chimene sindikufuna. Munabadwa dzulo inu. Munthu wa pepala akafunsa kuti muli angati, si kuti akufuna kukuphikirani. Ife anatiwerengapo a mfuti pamudzi pomwe pano, m'mawa mwake anyamata onse anali pa kamiyau, chigalimoto chawo chija. Kumsasa wa othawa nkhondo anatiwerenga ngati matumba a nyemba. Lero ndikaitane ndekha anthu odzatiwerenga?"

"Wolumidwa ndi chakuda amaopa khala," anatero Domingas, akuuza nkhuku.

"Lachiwiri, makomo otulukira ndi angati? Akuti tijambulenso bwalolo kuseri kwa pepala."

"Amafuna angati iwowo?"

"Osachepera atatu."

"Jambulani atatu."

Virgílio anayang'ana apongozi ake aakazi, nayang'ana pansi. "Koma mwati khomo ndi limodzi."

"Pepala silidzabwera kudzaimba. Jambulani."

"Lachitatu, wina akadwala kapena kuvulala, mudzamutengera pa chiyani kuchipatala?"

Apo ndinaseka. "Lembani njinga. Tsiku limenelo njinga zidzachuluka kuposa anthu a pa pepala lanulo."

Florinda anali akupeta mphale kuseri kwa nkhokwe, koma makutu ake anali pakhonde. "Ababa, dzina lolembedwa pansi pa pepalalo ndi la mwamuna wanga, osati lanu."

"Ndamupatsa munda, ndamupatsa mwana. Dzina lokha andimane? Mkamwini asamakule mwendo."

Ndinanena mawu amenewo ngati kuti ine ndine mwini mudzi, chonsecho nane ndine mkamwini, kungoti wokalamba, wodya minda ya kwawo kwa Domingas. Virgílio analemba. Anajambula makomo atatu okongola ndi rula yake ya ku shikola, ndipo ndiyenera kuvomera kuti awiri onamawo ndiwo anawongoka bwino.

Patapita masiku anayi anabwera ndi lisensa, karimbu yabuluu, chidindo cha boma, ili pansi pake ngati dzira la nkhanga.

"Anafunsa chiyani?"

"Mayi wa pa tebulo anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, 'A pulofesori, mipingo yonseyi anthu noventa? Mukunena zoona?' Ndinati inde. Sindinadye tsiku limenelo, apongozi."

"Mudzadya pa fesita."

Lisensayo ndinaikuta m'pepala la pulasitiki n'kuikhoma pa mtengo wa pakhomo la bwalo, kuti aliyense wolowa aone kuti boma latiloleza. Anthu ankaima n'kuiyang'ana, osadziwa kuwerenga omwe, n'kumati, "Zinthu zili m'malo mwake chaka chino." Ine ndinkagwedeza mutu ngati karimbuyo ndaidinda ndekha.

Mpanda umenewo, abale anga, sindinamangepo chinthu cholimba chotero m'moyo wanga. Nyumba yathu imadontha, khola langa mbuzi zimatuluka zikafuna, koma mpanda wa fesita unali ndi nsichi za muwanga zozika mpaka m'bondo, mbariro zitatu, udzu wotalika kuposa munthu. Khomo ndinaliyeza ndi njinga: munthu mmodzi akukankha njinga yake, basi. Mkati, pafupi ndi khomo, ndinazika nsichi ziwiri zomangapo arami wanga uja, kuti njinga iliyonse ilowetsedwe gudumu lakutsogolo m'menemo ngati nsomba pa chingwe, kumapeto kwake loko wa kadeyadu, shavi yake yotsekulira pakhosi panga. Wofuna kuba njinga imodzi anayenera kuba zonse.

Pakati pa bwalo panali mbawa waukulu wamthunzi. Tikumaliza kufolera mpanda, Virgílio analoza m'mwamba.

"Apongozi, m'mphako umo muli njuchi. Anyamata a zokuzira mawu akuti adzazimanga pa mtengo womwewu, jeradori ya magetsi pansi pake. Bwanji tizifukize zichoke tsiku lisanafike?"

"Njuchi zimenezo tinazipeza pobwera kuchokera ku Zambia. Zinaona nkhondo, sizinalume munthu. Zidzaopa nyimbo za Mulungu? Njuchi siziba njinga, mphunzitsi. Yang'anani anthu."

Kutatsala masiku awiri, ndikuzungulira mpanda m'mawa, ndinapeza chibowo kuseri, mbali imene amakhala amayi. Mbariro ziwiri zapansi zinali zodulidwa bwinobwino, udzu atautsekula ngati chitseko. Ndinathamangira kunyumba apitu ikugunda pachifuwa.

"Akuba ayamba kale! Adula mpanda!"

Domingas anali pamphasa akusenda mtedza. Chikwakwa chinali pambali pake, ndipo nsalu yake ya kapulana inali ndi tiudzu mpaka m'chiuno.

"Wakubayo ndi uyu mukumuona. Ndapita ndekha, ndi mwendo umodzi, ndadula."

"Inu? Mkazi wa shefi?"

"Mkazi wa shefi sathamanga. Tilipo ambiri osathamanga: anaPhiri osaona aja, Selestina ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, agogo a ku tsidya. Ndawauza onse kuti tidzakhala pamenepo. Kukachitika kanthu tidzakwawa n'kutuluka."

"Kanthu kanji? Tili ndi lisensa!"

"Lisensa yanu idzandibereka kumsana? Tsoka silinunkha, bambo a Florinda. Tsiku lija ndinaponda mina ndikupita kukatema nsungwi, njira inali yoyera ngati lero."

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa komisau."

"Mbewa ya manyazi inafera ku una. Tamverani. Zaka makumi anayi ndakupirirani. Munakana katemera wa ng'ombe, zinafa, ndinakhala chete. Munakwirira mbewu ya ku boma kudzala poti ndi yolodzedwa, ndinakhala chete. Pano sindikupempha njinga, sindikupempha kapulana. Ndikupempha bowo. Mulisiye."

Ndinayang'ana ndodo yake, ndinayang'ana chikwakwa. "Chabwino. Likhale."

"Mwalonjeza?"

"Ndati likhale. Kodi ndilembenso pepala?"

Ndinalisiya tsiku limodzi lathunthu. Koma m'mawa wa fesita, dzuwa litangotuluka, ndinaima pa bowolo n'kuliyeza ndi maso. Munthu wochenjera akanagoneka njinga pansi n'kuikoka. Inde njinga zikanakhala pa arami, koma wakuba ndi wakuba. Ndinatenga arami wotsala, ndinaika mbariro zatsopano ziwiri, n'kuzipota mfundo zinayi zinayi, zija zimafuna alikati, chopanira chachitsulo, kuti zimasuke. Kenako ndinabwezera udzu mmene anausiyira Domingas, kuti pooneka pazioneka ngati pongokankha. Ndinabwerera m'mbuyo kusirira ntchito yanga. Ndinaganiza kuti ndapambana onse awiri, wakuba ndi mkazi.

Anthu anabwera. Anabwera wapansi, pa njinga, pa ngolo, ena pa kamiyau ya wogula fodya. Ine ndinali pakhomo ndi koleti yanga, kulowetsa mmodzimmodzi. Anthu ndinasiya kuwawerenga atakwana mazana asanu ndi awiri, chifukwa sindinaone phindu lake. Njinga ndinawerenga zonse: mazana awiri ndi khumi ndi zinayi. Arami atadzaza ndinatseka kadeyadu, n'kupsompsona shavi. Ndinaona Domingas patali, atavala duku lake la pa Pasika, atakhala ndi gulu lake la osathamanga, msana atatsamira pa bowo lake. Anandikwezera dzanja. Nane ndinakweza langa.

Dzuwa lili paliwombo, kwaya ya ku Chipera inalowa ndi ng'oma zitatu. Zokuzira mawu zinkanjenjemeretsa mbawa mpaka masamba, ndipo utsi wa jeradori unkakwera molunjika kumphako ngati wautuma. Ndinamva mayi wina akukuwa, kenako mwana, kenako bwalo lonse linaimirira nthawi imodzi. Pamwamba pa mitu panali mtambo wakuda wa njuchi.

Shefi wa chitetezo anachita chiyani? Analiza apitu. Sindidziwa chimene ndinkafuna kuti apituyo inene. Chimene anthu anamva n'chakuti khomo lili kuno, ndipo onse anabwera.

Oyamba anagunda njinga. Njinga imodzi ikagwa pa arami imagwetsa inzake, ndipo zonse zinagona pansi ngati mapira a mphepo, kutseka njira ya kukhomo. Anthu anagwera pa njinga, ena pa anthuwo. Ine, poti ndinali pakhomo penipeni, chigulu chinandilavulira kunja ngati njere ya bwemba. Lembani zimenezo: pa anthu onse aja, woyamba kupulumuka anali mkulu wa chitetezo.

Ndili chigonere m'fumbi ndinakumbukira bowo. Ndinathamanga kuzungulira mpanda, njuchi zikundiluma m'khosi, ndipo ndisanafike ndinamva ndodo. Go, go, go, pa mbariro. Ndodo ija ndimaidziwa kulankhula kwake.

"Kankhani, amayi!" anali mawu a Selestina. "Munati n'pongokankha!"

"Ndikukankha! Pali chitsulo!"

Ndinagwada kunja kwake n'kuyamba kupotokola mfundo ndi zala. Mfundo zanga. Zinayi zinayi. Zikhadabo zinathyoka, arami osasuntha. Pakati pa udzu ndinaona diso limodzi la Domingas, chikope chitatupa kale.

"Bambo a Florinda? Ndinu?"

"Ndine. Dikirani, ndikumasula."

"Watseka ndani?"

Ndinapitiriza kupotokola mfundo. Sanafunsenso. Kenako anthu amene analephera kukhomo anaona amayi ataunjikana pamenepo, naganiza kuti pali njira, nabwera onse. Mpanda unapindikira kwa ine, koma sunagwe. Ndinaumanga bwino. Diso lija linasowa pa udzu, ndipo ndodo inasiya kugogoda.

Amene anatipulumutsa ndi amayi ophika, amene anali kunja ndi nkhwangwa zowazira nkhuni. Florinda ndiye anawatsogolera. Anandikankhira kumbali ngati chitsa, natema nsichi zitatu, Virgílio akukoka ndi amuna ena mkati, mpanda n'kugona. Anthu anakhuthukira m'munda wa chinangwa. Ena anatemanso mbali ina. Pomaliza bwalo linali ndi makomo atatu, monga pa pepala.

Palibe anafa. Mulungu anagwira ganyu pa ntchito imene anapatsa ine. Selestina anatuluka ndi mimba yake yamoyo chifukwa Domingas anamugonera pamwamba. Koma Domingasyo titamukoka, mwendo wake wamanja, umodzi womwewo, unali utapindika pamene mwendo supindika.

"Njinga!" anakuwa wina. "Tengani njinga, wina athamangire kuchipatala akaitane thandizo!"

Ndinagwira pakhosi. Chingwe cha m'khosi chinali chitaduka, shavi ili penapake pansi pa mapazi mazana asanu ndi awiri. Pamene ankadula arami ndi nkhwangwa, n'kuti magudumu ambiri atapindika ngati malichero. Domingas tinamutengera pa ngolo ya ng'ombe, maola anayi, pa msewu wathu uja wa mabampu. Sanalire. Sanandiyang'ane. Ine ndinkayenda pambuyo pa ngolo, ndipo tili pakati pa njira m'pamene ndinazindikira kuti koleti ndidakavala.

Namwino anatilandira akupukusa mutu. "Msonkhano waukulu chotere osatiuza? Tikanabwera ndi mankhwala a njuchi, tikanaona malo. Si ntchito yathu imeneyo?"

Patapita masiku atatu anabwera anthu awiri a ku boma, mmodzi mayi uja wa pa tebulo. Anazula lisensa pa mtengo umene ndinaikhoma, natembenuza pepala la Virgílio, nayenda kuzungulira bwalo.

"A pulofesori, apa palembedwa anthu makumi asanu ndi anayi. Ovulala okha akwana makumi asanu ndi atatu. Apa pajambulidwa makomo atatu. Awiri enawo anali pati?"

Virgílio anangoti chilili, manja kumbuyo ngati mwana wa m'kalasi mwake. Florinda anandiyang'ana. Maso amenewo anatengera kwa amake.

"Dzanja ndi lake, mawu ndi anga," ndinatero. "Ndine ndinamuuza zolemba. Ndi mkamwini, akanakana bwanji?"

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Ndinkaopa kuti mutiwerenga."

Mayiyo anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mbuzi yodzikola ndi chingwe chake. "Tatiwerengani tsopano," anatero, natsegula buku lake. "Tiyambe ndi mayina a ovulala."

Ndinawatchula onse amene ndinkawadziwa. Ndinayamba ndi la mkazi wanga. Ndi nthawi yoyamba m'moyo wanga kupereka mayina a anthu kwa munthu wa pepala, ndipo palibe kamiyau inabwera m'mawa mwake.

Domingas anabwerera kunyumba mwendo uli m'chikhakha mpaka m'ntchafu. Akuti pa msinkhu wake fupa limachedwa, ndipo sanalonjeze kuti lidzamunyamulanso. Madzi ndikutunga ndine tsopano, amayi a pachitsime akundipatsa malo mwaulemu umene umapweteka kuposa kutukwana. Ndimamunyamula kupita naye kuseri, ndimamubweza. Ndodo yake ili chitsamire pakona. Masiku asanu ndi anayi sanandilankhule, ndipo ine amene ndakhala zaka makumi atatu ndikudandaula za phokoso la ndodo imeneyo, ndinkadzuka n'kumaiyang'ana.

Tsiku lakhumi, ndikumupatsa madzi osamba m'manja, anatsegula pakamwa.

"Bambo a Florinda."

"Wawa."

"Njinga zija."

"Eni ake anabwera kudzatenga. Zopindika, koma anatenga."

"Zonse?"

"Zonse. Mazana awiri ndi khumi ndi zinayi."

"Palibe inabedwa?"

"Palibe ngakhale imodzi."

Anasamba m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, nakunkhumulira madzi m'mbale.

"Ndiye ntchito munaigwira, a shefi," anatero. "Ndinyamuleni, ndikaothe dzuwa."